Ziguduli za pa Ukwati wa Rumbi

Mwana wanga Rumbi anandipeza pa Mbare Musika ndikusanja tomato, foni ili kale m'manja. Akuti amayi, taonani mmene ukwati wanga udzakhalire. Ndinapukuta m'manja ndi chitenje. Ine ndimati ndiona holo, mipando yovala zoyera, maluwa mbuu.

Ndinaona ziguduli! Matebulo a matabwa osapala, atawayala ziguduli. Anthu atakhala pa mabelo a udzu, maluwa akutchire m'mabotolo a jamu, makapu achitsulo, nyali za palafini zili lendelende mumtengo. Zonsezo paphiri.

"Amati rasitiki, amayi. Ndiye fasho."

"Fasho ya ndani? Wakuuza zimenezi ndani?"

"Palibe, ndazikonda ndekha."

Ndekha! Mwana amene amakana kukwera kombi yong'ambika mipando, lero akonde chiguduli? Ndinadziwa pompo kuti pali munthu wamuikira mawu m'kamwa, ndipo munthuyo ndinamudziwanso: Doris, mayi wa Blessmore, mnyamata womukwatirayo. Iwowa ndi Ashona, ali ndi kwawo kumudzi. Ife kwathu kunali kukomboni, pafamu ina ku Mazowe, komwe makolo athu ochokera ku Malawi anakalambira akuthyola fodya. Chiguduli ine ndagonapo, ndafundapo, ndamusokerapo malemu mwamuna wanga Luka chovala cha mvula. Titachotsedwa pafamupo, katundu wathu yense analowa m'chiguduli chimodzi. Kuno ku tauni zimenezi sindiuza munthu. Ndiye wina akandikhazike pa belo la udzu, andimwetse m'kapu yachitsulo pamaso pa abale ake? Kumeneko ndi kunena kuti taonani, anthu a kukomboni, tawakonzera zimene anazolowera.

Ndinayamba kukumbukira tinthu. Tsiku la chinkhoswe Doris anafunsa kawiri kuti kodi kwenikweni kwanu n'kuti. Atapatsidwa nkhuku monga mwa mwambo wathu, anaiyang'ana ngati wapatsidwa mwana wa eni. Ndipo n'chifukwa chiyani kuphiri? Kuti anzanga a pamsika asafikeko, basi.

"Rumbi, mvetsa. Pa udzu ine sindikakhala. Ukwati wa ziguduliwo ukavine wekha."

Analira, koma sanasinthe. Nanenso sindinasinthe.

Sabata ikutha, ndinangoona Doris waima patebulo langa, chikwama chili m'khwapa. Ndinati eya, wabwera kudzaona ngati munga walowa. Timalankhulana Chishona, iye n'kumaponyamo Chichewa chake chothyokathyoka.

"Asewere," anatero motsitsa mawu, "ndifunse, musakwiye. Masaka awa ndi udzuwu, ndi mwambo wa kwanu ku Malawi?"

"Mwati chiyani?"

"Ine ndakhala chete polemekeza. Koma azilongo anga akufunsa ngati tivale nsapato kapena mwambo wake ndi wopanda nsapato."

Ndinamuyang'ana m'maso kufuna kupeza chipongwe. Munalibe. Mayiyo anali ndi mantha enieni, ankaganiza kuti ziguduli tabweretsa ndife. Ndinamupatsa tomato wa ndiwo, anapita. Koma mtima sunakhale pansi, unangosamuka. Ngati si Doris, ndiye ndani? Blessmore? Kapena mwana wanga yemwe, wafuna kutisandutsa chionetsero kuti anzake a kuofesi ajambule? Zimenezo zinandiwawa kuposa zoyamba zija.

Loweruka Rumbi anabwera ndi galimoto ya Blessmore. Akuti tiyeni mukangoona malowo, mukakakana kumeneko ndisiya. Ndinakwera kumbuyo, maso ali pa mnyamatayo. Tinatuluka m'tauni, n'kutenga msewu wa ku Mazowe. Ndinati mwina tikhota. Sitinakhote. Tinadutsa damu. Msewuwo sindinaupondeko chichokereni.

"Blessmore, ukutitengera kuti?"

"Tafika kale, amayi."

Tinakwera kamsewu ka miyala mpaka pa kanyumba ka alendo kofolera udzu, pamwamba pa phiri. Mabelo aja anali atawaunjika kale pansi pa mtengo, matebulo atawaikanso. Ine sindinawayang'ane. Ndinayang'ana kumunsi, chifukwa phirilo ndinalidziwa. Tinkatolamo nkhuni. Kumunsiko kunali zigafa za fodya zopanda madenga, malo a komboni atamera chimanga cha eni atsopano, ndipo kuseri kwake kachitsamba ka mitengo ya bulugamu. M'menemo ndi momwe tinamusiya Luka. Chipata cha famuyo chili ndi mwini wina tsopano, ndipo ine sindinayesepo kukagogoda.

Rumbi anaima pambali panga. Chichewa chake n'chopindika, amachilankhula akafuna kundinyengerera basi, koma tsiku limenelo anachikoka chonse.

"Ndinakapempha kuti tilowe kumanda, anakana. Ababa sangabwere ku holo ya ku Mbare, amayi. Ndiye ndati tibwere ife, pamene angatione."

"Nanga ziguduli?"

"Chimene ndimakumbukira cha ababa ndi chovala chija. Ankandifunditsa mvula ikamagwa, chimanunkha fodya. Nkhope yawo ndinaiwala."

"Bwanji osandiuza, chitsiru iwe?"

"Mukanalola? Inu mukangomva za famu mumatuluka m'nyumba."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinangofunafuna pokhala. Chokhalira chapafupi chinali belo la udzu. Ndinakhalapo. Limabaya ngati kale lomwe.

Ndinalira mpaka Blessmore anapita kukaima kugalimoto. Nditapukuta kumaso ndinawauza kuti tebulo la akwati analiika molakwika, lafulatira bulugamu, alitembenuze. Kenako ndinamukoka Rumbi dzanja.

"Chiguduli cha patebulo lanulo musagule. Chovala cha abambo ako chilipo, chili pansi pa matiresi anga."