Pikapu ya a Geresomo

Chaka cha masankho a 2004, a Geresomo Nyakamera, amene anali atapuma pa ukalaliki ku esiteti ya nzimbe, anazindikira kuti Nyumba ya Malamulo ikuvutika popanda iwo. Anagula pikapu yakale kwa mkulu wina wa ku Mozambiki n'kuyamba kampeni.

"Iyitu imakoka ndi matayala onse anayi," ankauza aliyense. "Matope akaiona amachita kupatuka okha."

Tsiku lina m'Malichi, mvula itagwa masiku atatu, ananyamuka kupita kumsonkhano kwa Maseya. Panjira ananyamula mayi Otilia ndi dengu lawo la mlamba wouma wa ku Elephant Marsh, osati chifukwa cha chifundo, koma poti nawonso anali ndi voti.

Atafika padambo, galimoto inatitimira. A Geresomo anamwetulira, nakoka kagiya kakang'ono kapambali pa giya yaikulu, n'kuponda moto. Matayala akumbuyo anazungulira mpaka kukumba dzenje. Akutsogolo anangoti duu, ngati alendo.

"Bambo, mwakhoma mahabu?" anafunsa mayi Otilia.

"Ma chiyani?"

"Pakati pa tayala lililonse lakutsogolo pali kachitsulo kopotokola. Musanapotokole, injini imangozunguza chitsulo cham'kati, tayala osamva kanthu. Malemu amuna anga ankayendetsa yotereyi."

"Mayi, inu dziwani za nsomba. Galimotoyi ndinagula ndine."

Anthu a m'minda yapafupi anabwera kudzakankha. A Geresomo anawalimbikitsa kwambiri ali pawindo, nsapato zili zouma, nawalonjeza msewu wa tara. Patatha ola, onse anali matope mpaka m'makutu, galimoto itamira kufika m'zitseko.

Mayi Otilia anatsika osapempha chilolezo. Anapinda chitenje, napisa dzanja m'matope, napotokola habu yakumanja, kenako yakumanzere.

"Tsopano kagiya kaja kakokereni mpaka kumapeto. Moto pang'onopang'ono."

Pikapu inabuula, inagwedezeka, n'kutuluka. Anthu anaombera m'manja mayi Otilia. A Geresomo anakweza dzanja kulandira ulemuwo.

"Ndimafuna ndione ngati anthu anga ali ndi umodzi," anatero.

Vuto linali lakuti kagiya kaja sanakabwezere, ndipo kufunsa munthu wa nsomba kachiwiri kukanawatsitsa. Galimoto inkalira ngati chigayo koma ikuyenda ngati ikuperekeza maliro. Anawapitirira wa njinga atanyamula mbuzi. Inawapitirira ngolo ya ng'ombe, woyendetsa n'kuwafunsa ngati akufuna chingwe. Mayi Otilia anangoyang'ana kunja, akutafuna nzimbe, mpaka anatsikira pamsika.

A Geresomo anafika pabwalo la msonkhano dzuwa litapendeka. Anapeza amayi ovina akupinda mphasa, ena onse atapita kukamwetsa ng'ombe. Anawalankhula amayiwo kwa mphindi makumi anayi za kufunika komvera anthu akumudzi.

M'Meyi anapeza mavoti 63. Mpaka lero amati anawabera.