Mzere wa Choko Pabalaza

Amayi sanali munthu woti n'kumupusitsa, kapena tinene kuti eni akewo ankatero. Ankakhala m'nyumba yosanja ya mwana wawo wamwamuna, chipinda chawo chili m'mwamba, ndipo masitepe okwerera kumeneko anali poyera, pabalaza penipeni. Mawondo anali atayamba kale kuwakana, koma potsika ankangoluma mano n'kumamwetulira kuti wina asadziwe.

Tsiku lina m'mawa kunatulukira kalipentala, tepi yoyezera ili m'manja. Mwana wawo anati akufuna kutchinga masitepewo ndi khoma la matabwa, pakhale kolido yochokera pakhomo lalikulu, kuti wopita m'mwamba asamadutsenso pabalaza.

"Wopita m'mwambayo ndani?" anafunsa Amayi. "M'nyumba muno tilimo atatu. Tikubisalirana chiyani?"

"N'kukonza nyumba chabe, Amayi," anayankha mwanayo, maso ali pa nsapato zake. Mpongozi wawo ankangopukuta tebulo loyera kale.

Mwana ameneyu Amayi anamudziwa ali ndi mamina. Akayang'ana nsapato ndiye kuti wabisa kanthu. Kolido yolunjika m'mwamba osadutsa pabalaza? Zimenezo amachita ndi anthu ofuna kuikamo alendi. Ndipo chipinda chabwino m'mwambamo, cha windo lalikulu, chinali chawo. Mtima unawawawa kwambiri. Anayamba kudziona atanyamulidwa ngati katundu, kukatulidwa kwa wachibale wina amene sanawapemphe n'komwe.

Ngati panatsala kachikaiko, kalipentala anakamaliza. Anapempha kulowa m'chipinda chawo, n'kulunjika pa bedi. Bedi limenelo anakhoma ndi malemu amuna awo, omwenso anali kalipentala. Linali lathunthu, lomatidwa ndi guluu, lopanda bawuti ndi imodzi yomwe yoti n'kumasula. Polikweza m'mwambamo amuna anayi anachita kulidutsitsa mbali yotseguka ya masitepe. Lero munthu wachilendo akuliyeza m'litali ndi m'lifupi, n'kumalemba pa kapepala.

"Khoma lanu likugwirizana bwanji ndi bedi langa, bambo?"

"Ndangotumidwa, amayi," anatero kalipentala, akuthawitsa maso nayenso.

Kalipentala atatsika, Amayi anasiya chitseko chili chotseguka pang'ono, khutu lili pansi. Anamva kalipentala akuti, "Bwana, ndikanakhala ine, bedi lija likanatsika kaye khoma lisanaime."

"Ayi," anatero mwana wawo motsitsa mawu. "Akangoona bedi likutsika tilimbana mpaka mawa. Ingoyezani bwino kuti lidzadutse ntchito ikatha."

Basi, nkhani inali itaphulika. Kalipentala anagwada n'kujambula mzere wa choko pansi, posonyeza poimika khoma. "Apa bedi lidzakhota ndendende," anatero. "Sipadzatsala ngakhale chala."

Masana kalipentala anapita kukadya. Mwana anali ku ntchito, mpongozi ali kuseri kuyanika zovala. Amayi anatsika sitepe imodziimodzi ndi kansanza konyowa. Kugwada kunawatulutsa misozi, koma anagwada ndithu. Anafufuta mzere uja, anadikira paume, kenaka anatenga thabwa lowongoka ndi choko cha kalipentala yemweyo n'kujambula wina, atausendeza cha ku masitepe ndi chikhatho chimodzi. Zaka makumi atatu akugwirira amuna awo matabwa sizinapite pachabe, mzerewo unali wowongoka kuposa woyamba. Ngati bedi silituluka, tione amene adzatulutse mwini bedi.

Kalipentala atabwerako anaima, anauyang'ana mzere uja, n'kukanda m'mutu. Nthawi yomweyo Amayi anamufunsa za ana kunyumba, za msana wake, za kumene anaphunzira ntchito yokongola chonchi. Munthu akamayamikiridwa sayezanso kawiri. Anatola hamala n'kuyamba kukhoma.

Masiku anayi nyumba inali phokoso ndi utuchi wokhawokha. Amayi anali okoma mtima modabwitsa, mpaka mpongozi anawafunsa ngati akumva bwino m'thupi. Ankadutsa m'kolido yatsopanoyo n'kumasisita khoma, chisoni ndi kunyada zili pamodzi.

Loweruka penti atauma, mwana wawo anawaitana. Amayi anatsika atakonzeka kale, mawu onse ali kukamwa. Mwanayo anatsegula chitseko chatsopano cholowera kumene kunali pabalaza kuja. Mipando inali itasamukira ku chipinda chodyera. Pawindo panali makatani atsopano, pakona pali wailesi yawo, ndipo pakati panasiyidwa malo aakulu opanda kanthu.

"Chipinda chanu ichi, Amayi," anatero mwanayo. "Masitepe aja mwasiyana nawo. Mpongozi wanuyu ndiye anandiuza kuti amakumvani mukubuula sitepe iliyonse. Pabalaza potseguka simukanagona, anthu akukudutsani. Tikanakuuzani mukanakana."

Zoonadi akanakana.

"Chatsala n'chimodzi," anatero mpongozi akumwetulira. "Bedi la ababa."

Kalipentala ndi mwanayo analinyamula, aneba awiri akuthandiza. Linatsika bwinobwino mpaka pansi pa masitepe, pokhotera. Pamenepo linakana. Analipendeka, analiimika, analibweza n'kuyesanso, mpaka penti watsopano anakalika. Kalipentala anatulutsa tepi, anayeza, anayezanso, thukuta lili kamukamu.

"Ndi khoma lotani limeneli?" anakalipa mwanayo. "Ndinakuuzani chinthu chimodzi chokha, bambo! Chimodzi!"

"Bwana, chiyambire ntchito imeneyi sindinaphonyepo chonchi," anatero kalipentala. "Apa tigumule khoma lonse, apo ayi tidule bedi pakati."

"Mudule chiyani? Bedi la bambo anga? Ntchito yakukanikani, ingovomerani!"

Amayi anamuona kalipentala uja, munthu wa ana ake, atazyolika pamaso pa aneba, akutukwanidwa chifukwa cha mzere umene sanajambule. Amuna awo akanakhala moyo sakanalola mmisiri mnzawo achitidwe zimenezi. Manyazi anawagwira mpaka kumapazi.

"Musiye," anatero. "Bambo, paperewera bwanji?"

Kalipentala anawaonetsa pa tepi. Amayi anaika chikhatho chawo pamenepo, ndipo chinakwana ndendende.

"Mzere wanu unali bwino. Ndinausendeza ndine."

Aneba anayamba kuyang'ana kudenga. Mwanayo anayang'ana chikhathocho, anayang'ana bedi la bambo ake litatsamira khoma, ndipo mkwiyo wonse unamuthera. Chimene chinatsala pankhope pake chinawapweteka Amayi kuposa mawondo.

"Amayi," anatero pang'onopang'ono, "ndiye masiku onsewa mumaganiza kuti ine ndikukuchotsani m'nyumba muno?"

Tsopano maso a Amayi ndiwo anali pa nsapato zawo.