Zipolopolo za a Ludoviko

Stafford anali munthu wa sikelo. Ku labotale ya pa yunivesite ku College Park, ku America, ankamulipira kuti aziyeza tinthu tovuta kuona ndi maso, ndipo matendawo anafika nawo mpaka kunyumba, moti mkazi wake Edness ankati tsiku lina adzayamba kuyeza ndi mchere wa m'ndiwo. Choncho atayamba za mfuti m'chaka cha 1981, palibe anada nkhawa. Ngati panali Mmalawi woti angasewere ndi wonga osapsa nawo, anali iyeyu.

Mfutizo zinali ziwiri, zakalekale, za asilikali a Chingerezi. Anagula kwa mzungu wina wokalamba dzina lake Thomas, amene anali ndi munda kuseri kwa Upper Marlboro. Mitengo ya mfutizo inali itada ndi thukuta la anthu omwe mwina anagona kale, ndipo pa imodzi wina anazokotapo timizere ndi mpeni. Edness sankafuna kudziwa kuti timizereto tinkawerenga chiyani. Thomas yemweyo ndiye anaphunzitsa Stafford kudzipangira zipolopolo: kutola tizidutswa ta mtovu tochotsa ku mawilo a galimoto, kusungunula mu kampoto kachitsulo, kuthira m'chikombole, kenako kuika wonga m'zigoba zamkuwa n'kutseka ndi mtovuwo.

"Mtovu ndi wofewa, sufuna wonga wambiri," ankatero Thomas. "Pang'ono chabe, wongogona pansi pa chigoba. Choopsa chake n'chomwecho. Ukathira kawiri, chigoba sichidzaza, sichikuuza kanthu. Imadzakuuza ndi mfuti, ikuphulikira kumaso. Usanatseke, uziunika ndi tochi m'chigoba chilichonse."

Stafford, mwa kunyada kwake, anawonjezapo nzeru zake. Ankayamba wayeza wonga n'kuugawa m'timabotolo makumi asanu, kabotolo kamodzi chigoba chimodzi. Timabotolo tikatha, ndiye kuti ntchito yatha. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankanena mwambiwu kawirikawiri mpaka Edness unamukola.

Lamlungu lina masana, atabwera kutchalitchi, anali m'garaja, kabotolo kali m'manja, pomwe anamva mawu okhuthala pakhomo.

"Odi kuno!"

Anali a Ludoviko, malume ake a Edness. Ndiwo anamulera Edness, ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wawo, ndipo tsopano ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Masiku amenewo munthu wa ku ofesi ya kazembe unkamulankhula chipewa chili m'manja ngakhale asali mpongozi wako, nanji awa. Kodi mkamwini angapitirize ntchito apongozi ataima pakhomo? Stafford anakhuthula kabotoloko mwachangu, n'kuthamanga kukalandira chikwama ndi manja awiri. Moni anatenga nthawi yake: miyendo ya malume, chifuwa cha azakhali, makalata ochokera ku Dedza, mvula yomwe akuti inachedwa.

Atamwa tiyi, a Ludoviko anati akufuna aone zomwe mkamwini amadzitsekera nazo m'garaja. Ataona mfuti ija pakhoma anaima chilili. Anaitenga, n'kukoka chitsulo chake cholowetsera chipolopolo, khethe khethe, osayang'ana n'komwe.

"Iyi ndinagona nayo zaka zitatu ku Burma," anatero motsitsa mawu. "Tili m'gulu la asilikali la Keyala. Ndinali mnyamata wopanda ndevu." Anapukuta m'maso ndi chala. "Pitirizani ntchito, bambo, ndione."

Stafford anabwerera pa tebulo. Anathira timabotolo totsala mpaka tonse tinatha. Tochi inali pomwepo, koma kuunika zigoba makumi asanu chimodzichimodzi, munthu wamkulu ataima pambali ndi miyendo yopweteka, kunaoneka ngati mwano. Anatseka zonse. Ndipo popeza wamkulu akasirira chinthu mpaka misozi sumudikira kuti apemphe, madzulo ake a Ludoviko anakwera galimoto ndi mfuti imodzi komanso zipolopolo makumi awiri ndi zisanu. Stafford anasangalala kwambiri tsiku limenelo. Kwa nthawi yoyamba malume anamugwira paphewa.

Lachitatu anaweruka msanga n'kupita kumunda kwa Thomas ndi mfuti yotsala ija. Zipolopolo zisanu ndi chimodzi zoyamba zinalira bwinobwino. Chachisanu ndi chiwiri chinangoti phu, ngati munthu watsegula botolo. Mtovu unakakamira mumpope wa mfuti. Anautulutsa ndi ndodo yachitsulo, Thomas akuyang'ana m'chigoba chija.

"Munalibe wonga umu," anatero mkuluyo. "Waiwala kuthira."

"Sizingatheke. Timabotolo tonse tinatha."

Thomas anakweza chigoba chija. "Ndiye wa chigoba ichi unapita kuti?"

Stafford anakumbukira kabotolo kaja kali m'manja, anakumbukira odi uja. Pobwerera pa tebulo anayambira pa chigoba chomwe anali atathira kale. Pompo anakhala pansi n'kuyamba kuzula mtovu pa zipolopolo zake zotsala, akukhuthulira wonga pa sikelo ya Thomas. Ankapemphera kuti achipeze, koma chilichonse chinali ndi muyezo wake woyenera. Cha wonga wa kawiri chinali mwa makumi awiri ndi zisanu zija.

"Imbira foni lero lomwe," anatero Thomas.

Kwa mzungu zinali zophweka. Stafford anagwira foni tsiku limenelo n'kuibwezera. Akanayamba bwanji? Mphatso yoti wapereka ndi manja awiri n'kukaitenganso? Ndipo mawu akuti "chipolopolo chomwe ndinakupatsani chikhoza kukuphani," kunena kwa munthu wa ku ofesi ya kazembe, pa foni yomwe aliyense ankati ili ndi makutu, akanamveka bwanji akafika kumudzi? Anthu ankalandidwa ziphaso pa nkhani zochepera pamenepa. Koma tisanamizire boma. Chachikulu chinali manyazi. Munthu wa sikelo anali atalakwitsa, ndipo sankafuna kuti dzanja lija lichoke paphewa pake.

Lachinayi analimba mtima n'kuimba. Anafunsa za miyendo, anafunsa za chifuwa cha azakhali. A Ludoviko anathokoza mphatso ija mpaka Stafford anasowa polowera. Akuti anali ataionetsa kale kwa anzawo a kuntchito.

"Komatu malume, zipolopolo zija musafulumire nazo," anatero Stafford. "Ndikufuna ndikupangireni zina zabwinopo. Zija ndidzabwera kudzatenga."

"Aa, bambo, mphatso sainyoza mwini wake. Zija n'zabwino. Ndipotu nthawi ndilibe, mwina kutha kwa mwezi."

Kutha kwa mwezi! Stafford anapuma. Panali milungu iwiri yoti apeze njira yaulemu, mwina kupita ndi bokosi latsopano n'kusinthanitsa mwakachetechete malume ali kubafa. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma lambe wake ndi uyu anakhala pansi n'kudya bwinobwino tsiku limenelo. Iye sanamuuze Edness kanthu.

Loweruka m'mawa Edness anali pa foni ndi azakhali ake. Ataibwezera anati, akuseka, "Mwawapengetsa malume ndi mfuti yanu ija. Akuti alawirira ndi anzawo awiri ku famu ija tinakachitira pikiniki ya mpingo, kupitirira Germantown. Alephera kudikira."

Kapu inagwa m'manja mwa Stafford.

"N'chiyani, bambo?"

Anamuuza zonse ali chiimire, akufunafuna makiyi. Edness sanakuwe. Anangoti, "Chiyambire Lachitatu? Inu, amene aja ndi bambo anga," n'kuyamba kuimba nambala ya ku famu. Foni inalira, inalira, osayankhidwa.

Kuchoka ku College Park kukafika kumeneko ndi ulendo, ndipo tsiku limenelo msewu waukulu unadzaza ngati onse a mu Maryland akusamuka. Stafford ankaona nkhope ya malume itagona pa mtengo wa mfuti, tsaya lakumanja, diso lili pafupi ndi chitsulo. Thomas anamuonetsapo mfuti yophulika. Chitsulo chake chinali chitang'ambika ngati nzimbe yotafunidwa.

Pa geti ya famu panali unyolo. Anasiya galimoto pomwepo n'kuyamba kuthamanga m'munda wa chimanga chokolola kale. Ndipo anamva kulira kwa mfuti kuseri kwa mitengo. Kunali kulira kwabwino, kofewa, kwa muyezo woyenera. Anathokoza Mulungu, kenako anazindikira kuti chilichonse cholira bwino chikusendeza choipa chija pafupi. Inaliranso. Anagwa, anadzuka, nsapato imodzi inatsala m'matope. Inaliranso kachitatu, anthu n'kuseka ndi kuwomba m'manja.

Anawapeza kuseri kwa khola lakale. A Ludoviko anali atagwada bondo limodzi monga anawaphunzitsira ku Keyala, thonje lili m'makutu, tsaya lili pa mfuti. Anzawo awiri aja, ovala majekete a kuntchito ngakhale linali Loweruka, anaima pambuyo. Pansi panali mbwee zigoba zopanda kanthu.

Stafford sanaodire. Anawalumphira apongozi ake n'kuwatsomphola mfuti m'manja, mkuluyo mpaka kugwa chammbali m'fumbi. Mmodzi wa anzawo aja anagwira Stafford pakhosi pa malaya.

"Iwe, wapenga? Ukudziwa amene wagwetsayu?"

"Musiyeni," anatero a Ludoviko, akuchotsa thonje m'makutu. Sanadzuke msanga. "Bambo, n'chiyani chimenechi?"

Stafford anatulutsa chipolopolo chomwe chinali mumfuti. M'bokosi munali mutatsala chimodzi. Anapempha mbaniro kwa mwini galimoto yomwe inaima pomwepo, n'kuyala mpango wake pa boneti. Anazula mtovu pa cha m'bokosi n'kukhuthula: kamulu kakang'ono ka wonga. Anazula pa chomwe chinali mumfuti. Kamulu kachiwiri sikanafune sikelo, aliyense anaona kuti n'kowirikiza.

Anafotokoza maso ali pansi, za timabotolo, za tochi yomwe sanayatse, za mfuti yomwe imang'ambika. A Ludoviko anali msilikali, sanafunike kuuzidwa kawiri. Anayang'ana timilu tiwiri tija, kenako zigoba zomwe zinali pansi. Mmodzi wa anzawo aja anali ataombako zisanu, ndipo tsopano ankangosisita chibwano.

"Kulakwitsa aliyense amalakwitsa," anatero a Ludoviko pomaliza, mofatsa. "Ndipo mwathamanga, ndaona. Mwazindikira m'mawa uno?"

Bodza linali pafupi, lopepuka, ndipo malume anali atamutsegulira okha khomo. Koma Edness ankadziwa, Thomas ankadziwa.

"Lachitatu, malume."

"Lachitatu." Anawerenga pa zala, pang'onopang'ono. "Ndiye Lachinayi lija, pomwe munkandifunsa za miyendo, munkadziwa."

"Ndinkachita manyazi, malume."

"Manyazi." A Ludoviko anadzigwira tsaya lakumanja, pomwe panali pofiira ndi mtengo wa mfuti. "Pafupifupi kamakumi awiri ndaika nkhope yanga pamenepa lero. Ndaitananso anzanga kuti aikepo zawo, ndikuwauza kuti mkamwini wanga salakwitsa."

Anatola mfuti ija, naipukuta fumbi ndi mkono wa jekete, n'kuipereka kwa Stafford ndi manja awiri, mwaulemu wonse, monga amachitira ndi mlendo.

"Mukamuuze Edness kuti ndili moyo," anatero. "Akafuna kudzationa, khomo ndi lake. Azibwera yekha."