Thonje la Kezia Pamtunda wa ku Chezi

Mwezi wa Meyi unafika, koma m'munda mwa Kezia simunayere. Thonje lake linali lalifupi, lolekeza m'mawondo. Zipatso zake zambiri zinayoyoka, zotsalazo zinkangoda osaphulika.

Kezia anakulira ku Salima, kumene ankathyola thonje ndi bambo ake kuyambira ali wamng'ono. Atakwatiwa ndi Nedson kumapiri a ku Chezi, ndiye anakakamiza mwamuna wake kuti asiye fodya chaka chimenecho, ayese thonje. Tsopano manyazi anamugwira.

"Kapenatu manja angawa anaiwala," anatero m'mawa wina, ataima pakati pa mizere, nkhungu ili tolo.

"Musadziimbe mlandu, mayi a Chisomo," anayankha Nedson. "Munapatulira, munapalira, mankhwala tinapopera. Tiyeni tiitane alangizi adzaone okha."

A Petulo, alangizi a zaulimi a m'deralo, anabwera Lachinayi. Anazula mtengo umodzi wa thonje n'kuwaonetsa muzu wake, umene unali wopindika ngati mbedza.

"Mwauona? Thonje limatsitsa muzu wake pansi kwambiri. Limafuna dothi lakuya, lachonde, lolowa madzi bwino koma losadikha. Pano pansi pali miyala, ndiye muzuwu unasowa kolowera."

"Nanga tikathira manyowa ambiri?" anafunsa Nedson.

"Manyowa amakonza dothi, koma sakonza nyengo. Mayi, kwanu ku Salima munkavala juzi popita kumunda?"

Kezia anaseka pang'ono, akuyang'ana juzi limene anavala. "Ayi ndithu. Tinkalawirira mbandakucha pothawa dzuwa."

"Dzuwa limenelo ndiye bwenzi la thonje. Limafuna kutentha kuyambira pomera mpaka pokhwima. Mvula igwe pamene likukula, koma pokhwima kuume, kuwale, kuti liphulike loyera. Kumapiri kuno kumazizira msanga, ndipo nkhungu ndi mawawa zimaoletsa zipatso."

Mumtima mwa Kezia munapepuka, komabe munali kachisoni. Anazindikira kuti chimene ankafuna pobzala thonjelo sichinali phindu lokha. Ankafunanso kuona kwawo pakhomo pake.

"Ndiye kuti ine ndi thonje tasiyana?" anafunsa motsitsa mawu.

"Munda wakwanu uja ulipo?" anafunsa a Petulo.

"Ulipo. Chimwalirire bambo, mng'ono wanga Lidia amalima mbali imodzi yokha."

"Thonje lanu kabzaleni kumeneko. Munda uno upatseni soya ndi nyemba, mudzaona."

Banjali linakambirana nkhaniyi, kenako linakapangana ndi Lidia. Mvula yoyamba itagwa, Kezia anatsikira kuchigwa kukabzala thonje ndi mng'ono wakeyo, ndipo ankapitako nthawi yopalira ndi yopopera. Nedson anabzala soya pamtunda paja.

Chaka chimenecho soya anachita bwino moti anansi ankaima m'njira kumuyang'ana. Ku Salima nako munda unayera mbee. Nedson atapita kukathandiza kuthyola, anapeza mkazi wake ali thukuta kamukamu, thumba lili m'chiuno, manja akuthamanga kuposa a wina aliyense.

"Paja mumati manja anaiwala?" anamuseka.

"Sanaiwale," anatero Kezia. "Ndinangowatengera kumunda wolakwika."

Alimi anzathu, khama lokha silibereketsa mbewu pamalo amene siigwirizana nawo. Musanabzale thonje, onani ngati dera lanu ndi lotentha ndiponso ngati dothi lake ndi lakuya, losadikha madzi. Ngati mukukayika, funsani alangizi mbewu isanalowe pansi.