Kadontho pa Foni ya a Elijah

Mu mpingo wonse wa Amalawi ku Delft, a Elijah okha ndiwo anali ndi mapepala oongoka, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Jekete pathupi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, foni ziwiri m'manja, kayendedwe ngati Cape Town anamanga ndiwo. Ntchito yawo inali kutsegula geti pa sitolo ya matayala, koma akafika kutchalitchi mumati kwabwera nduna.

Kenako kunabwera apu ina ya pafoni yophatikiza zonse: galimoto yokutenga pakhomo, njinga yamoto yoperekera katundu, mpaka tikiti ya basi ya ku Blantyre. Inkafuna chiphaso ndi khadi la kubanki, zinthu zimene ambiri ankangozimva. A Elijah anatsegula akaunti imodzi ya banja n'kumalowetsamo aliyense ngati mwana wawo. Azimayi a imvi, ana a Elijah. Abusa amene, mwana wa a Elijah. Anthu anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Palibe anafunsa kuti bambo wa banja limeneli amaona chiyani pa foni yake.

Tione nayenso analowetsedwa, masiku amenewo adakali ndi Golden, mwamuna wake. Golden anali wa mawu ofewa pagulu, woimba bwino mu kwaya, koma kunyumba anamuthyola dzino, ndipo tsiku lina anamudinda ayironi yamoto pamkono. Tione ananyamula chikwama Golden ali kuntchito, napeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachiXhosa ku Mfuleni. Sanauze munthu. Kutchalitchi anasiya, nambala anasintha, ntchito anapeza ina yam'nyumba ku Parklands. Kachipindako kanali ka malata, kodontha pakona, koma ankagona tulo mpaka kulota.

Apu ija sanaichotse. Ankakwera mateksi wamba masiku onse, koma mvula ya mu Julayi itavuta, ndipo abwana atamuchedwetsa ndi zochapa, anaitanitsa galimoto kuchokera pageti la ku Parklands kukafika pakhomo. Anachita zimenezo kangapo.

Lamulungu lina masana akuyanika zovala, anamva mawu pageti.

“Odi kuno! Mtendere wa Ambuye!”

Anali a Elijah, jekete lomwe lija, Baibulo kukhwapa. Kumbuyo kwawo kunali Golden, shati yoyera, manja atapinda kutsogolo ngati mwana wobatizidwa kumene. Tione anachita mantha.

“Mwadziwa bwanji kuno?” anafunsa.

A Elijah anamwetulira. Funso limeneli ndi limene ankalidikira njira yonse. Anatulutsa foni yaikuluyo, n'kuitambasula ndi zala ziwiri monyadira.

“Mlongo, zinthu zinapita patsogolo. Ulendo uliwonse wa ana anga umandifika ine. Onani kadontho aka. Galimoto imakusiyani apa, pafupi ndi kontena yogulitsa nyama. Ine sindinavutike n'komwe.”

Anayembekezera kuti ayamikiridwe, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

“Mwabwera kudzatani?”

“Ndabwera ngati nkhoswe. Banja silitha chonchi. Bambowa alapa, analira pamaso panga.”

Nkhoswe! Ankhoswe a Tione anali ku Thyolo, amalume ake awiri amene anaona chithunzi cha mkono uja n'kunena kuti mwana wathu asabwererenso. A Elijah unkhoswe anaupeza pa foni, pamodzi ndi mapu. Sanakhalepo pa chinkhoswe, kwawo kwa Tione sankakudziwa, ngakhale dzina la bambo ake.

Tione anakwinya dzanja la juzi, naonetsa chipsera chooneka bwinobwino mphuno ya ayironi.

“Ichi chikuoneka pa foni yanuyo, a Elijah?”

A Elijah anayang'ana kumbali, nakonza kolala. “Zakale zimenezo, mlongo. Tisamasunge mangawa.”

Koma Tione ankayang'anitsitsa Golden, poti ankamudziwa bwino. Maso ake sanali pa mkazi wake. Ankayang'ana loko wa pachitseko, kufupika kwa mpanda wakumbuyo, zenera lotsekedwa ndi katoni. A Elijah anali kalikiliki kufunafuna vesi, osaona chilichonse.

Mayi mwini nyumba anatuluka ndi tsache, nawakalipira m'chiXhosa mpaka agalu a m'mbali anayamba kuuwa. Alendo aja anabwerera chamsana. Pageti Golden anatembenuka, namwetulira pang'ono.

“Tionana, amayi.”

Atapita, mwini nyumba anamugwira Tione paphewa namuuza mosabisa kuti amamukonda, koma m'nyumba muno muli adzukulu, ndipo iye safuna apolisi kapena maliro pabwalo pake. Tione sanatsutse. Ngakhale akanamulola kukhala, akanagona bwanji?

Anaanula zovala zisanaume n'kuziponya m'chikwama chomwe chija. Ali mkati molongedza, mnzake Zuhra woluka tsitsi anamutumizira zimene a Elijah analemba pa gulu la mpingo: “Tiyamike, nkhosa yotayika yapezeka lero. Luso lamakono likutumikira Ambuye.” Pansi pake panali timanja topemphera tambirimbiri, ndi maameni a anthu amene madontho awo onse anali m'thumba la jekete lija.

Tione anachotsa apuyo, nayenda wapansi kupita kurenki ya mateksi. Anakwera teksi yakutha, ya chitseko chomangira waya, momwe munthu amapereka ndalama kutsogolo ndipo palibe amafunsa dzina. Zuhra anali atamulonjeza pogona kwa masiku angapo. Anadzilimbitsa mtima kuti chipinda ndi chipinda, china chipezeka, bola ntchito ilipo, mawa alawirira ku Parklands monga mwa masiku onse.

Teksi itakhota pa mlatho m'pamene anakumbukira. Ulendo uliwonse uli ndi poyambira. Pa foni ya a Elijah panali kadontho kachiwiri, pageti penipeni pa abwana ake, ndipo Golden anayenda njira yonse ya ku Mfuleni atakhala pambali pa foniyo.