Fumbi Lakuda la Lewis

Muriel anapeza mayi ake, a Keti, atanyamula kale kabokosi kachitsulo, akulowera njira ya kumanda. Anawagwira dzanja pachipata. Pakhonde panaima Layson, mnzake wa malemu amene anaperekeza maliro kuchokera ku Joni, osadziwa ngati mlendo angalankhulepo.

Lewis, mchimwene wake wa Muriel, anali ataikidwa dzana. Anathawa m'dziko muno mu 1992, ophunzira anzake akumangidwa, ndipo zipani zambiri zitabwera, banja lonse linadikira kuti abwerera. Chaka chilichonse ankalonjeza Khirisimasi, koma ikafika ankati ntchito ya mu labotale yafika posasiyika. Chibayo chinamutenga masankho achiwiri atangodutsa.

"Izi ndi zimene zinandilanda mwana," anatero a Keti. "Zikagone naye."

Layson anatsika pakhonde nagwada. Anafotokoza motsitsa mawu kuti m'bokosimo munali timapepala ta kaboni topyapyala, topangidwa ndi timachubu tochepa kwambiri moti tsitsi la munthu ndi mtengo waukulu poyerekeza nato. Lewis anapeza njira yotipaka mankhwala kuti tizitha kuzindikira poizoni m'madzi. Munalinso timawaya tosaoneka ndi maso, tomvera maginito. Zikanakwiriridwa, anzake sakanatha kutsimikizira zimene anapeza, ndipo ntchito yonse ikanafera pomwepo.

A Keti anayankha kuti ntchito ikafa sailira maliro.

Muriel sanadziwe mbali yoti aime. Bambo awo akudwala, iye ndi amene ankasiya ana m'kalasi n'kuthamangira kuchipatala, Lewis akungoimba foni kwa abusa kufunsa za matendawo. Mkwiyo umenewo unali usanathe. Komabe kukwirira chinthu osachiona kunamuvuta.

"Amayi, tione kaye chimene tikukataya," anatero.

Anayala mkeka pansi pa mango. Layson anatulutsa timagalasi, kalikonse kali ndi banga lakuda. A Keti anakweza kamodzi kudzuwa, nati n'chimodzimodzi mwaye wa nyali ya palafini. Kenaka Layson anatenga kabotolo ka madzi otuwa, nayandikitsa maginito pambali pake. Fumbi lonse la m'madzimo linathamangira mbali imodzi n'kuimirira ngati udzu wongomera, madzi n'kuyera mbee.

A Keti anamuuza kuti abwereze. Anabwereza. Iwo anadzuka nalowa m'nyumba, ndipo Muriel anamva sutikesi ikukokedwa kunsi kwa bedi.

Anatuluka ndi chitsulo chobulungira cha dzimbiri, chomangidwa chingwe cha ukonde. Anati ali mwana, Lewis anaphwasula wailesi ya bambo ake kuti atengemo chitsulo cha maginitocho. Anakwapulidwa mpaka kutupa miyendo, koma mawa lake anali kale pagombe la nyanja ya Chia, akuchikoka mumchenga, fumbi lakuda likumamatirako. Ankalisunga m'timabotolo, ndipo akamufunsa kuti n'lachiyani ankati sakudziwa, n'chifukwa chake akulitola.

"Ine ndimayesa azungu ndi amene anam'sokoneza mutu," anatero a Keti. "Kodi anachoka nazo konkuno."

Anakankhira kabokosiko kwa Layson. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti kulikonse kumene ntchitoyo ikalembedwe, dzina likhale lathunthu: Lewis Alufandika, osafupikitsa la bambo ake. Layson analonjeza, nakwera basi ya ku Lilongwe masana omwewo.

M'mawa mwake Muriel anaona mayi ake akulowanso njira ya kumanda, ndipo anawatsatira chapatali. Ankayenda pang'onopang'ono, chingwe chili m'manja, chitsulo chikulemba mzere mumchenga kumbuyo kwawo. Amayi opita kumpunga anawapatukira, osafunsa.

Pamanda a Keti anakhala pansi, nakweza chitsulocho. Chinali chitamera ndevu zakuda. Anazipala ndi chala bwinobwino, kuti mphepo isatengeko, nazithira kumutu kwa mwana wawo.