Malata Awiri a Kumsonga

Mayi anali kukankha beseni ndi phazi kuti lilandire dontho latsopano pamene alamu awo analowa osagogoda. Chitseko chinalira ngati mbuzi, monga mwa masiku onse.

"Mwatsata chiyani?" anatero mayi osatembenuka. "Nsapato za akulu anu munatenga kale."

"Makiyi a kumsonga, alamu. Eni malo akufuna loko wawo."

Maliro anali atangotha. Malemu amuna a mayi, amene aliyense ankawatchula kuti a Kapitawo, ankagwira ntchito pafakitale ya laimu kumsonga, kumene mtunda umalowa m'nyanja ngati chala. Fakitaleyo inatsekedwa mwana wawo wamkazi akukwawa. Anzawo anabalalika kukasaka ntchito, iwo anatsala ndi makiyi, popanda wowalemba. M'mawa uliwonse ankanyamula chitini cha girizi n'kukwera mtunda. Mlendo akasochera kumeneko ankamuonetsa mauvuni, chumuni chong'aluka ndi njanji yotsikira kudoko, n'kumufotokozera za sitima zimene zinkaima pamzere kudikira matumba. Uku kunyumba denga likudontha.

Chaka china mayi anasoka mayunifolomu mpaka msana kuuma, n'kugula malata awiri. Anawapaka penti yofiira pakona ndi chala chawo, anawaimika kuseri kwa nyumba, ndipo malatawo anasowa. Nthawi imeneyo alamu ankamanga khola la nkhuku. Mayi anawatchula wakuba pamsewu, anthu akumva. A Kapitawo anangoti zyoli, kumakanda girizi m'zikhadabo.

"Makiyi sindikupatsani," anatero mayi tsopano. "Mungakazule ndi njanji yomwe. Ndikatsekula ndekha."

Mwana wamkazi, yemwe anabwerera pakhomo ndi khanda banja litatha, anabereka mwanayo n'kuwatsatira. Njira yonse sanatseke pakamwa.

"Apa ababa ankati m'pamene ngolo zinkakhotera. Njerwa izi ankati zinabwera pasitima."

"Ababa ako ankati zambiri," anatero mayi. "Yenda."

Nyumba ya makina inali pafupi ndi phompho, mphepo yakunyanja ikuwomba m'mazenera opanda magalasi. Loko anatseguka osavuta. Denga linagwa kalekale, mitanda ili pamtetete, pansi pali zitosi za mbalame ndi madzi achikasu. Koma pakati, pamwamba pa makina okokera ngolo, panali kadenga kokhomedwa mwaluso, misomali ili pamzere. Malata awiri. Pakona penti yofiira, chidindo cha chala chikuoneka bwinobwino.

Mayi anachizindikira chala chawo.

"Khola langa lija ndi limeneli," anatero alamu. "Nkhuku yake ndi iyi. Siikira, koma yanenepa."

"Munkadziwa?"

"Ndinawapeza akukhoma. Anandigwira mwendo kuti ndisanene. Akuti mvula ikalowa m'makinamu, palibenso chodzaonetsa ana."

"Ndiye inu n'kulola kutchedwa wakuba zaka zonsezi?"

"Anali akulu anga."

"Mimba imodzi, zitsiru ziwiri," anatero mayi. Sanapepese. Anthu awiriwa ankawaona akudzuka kusuntha mabeseni, akuyanika matiresi, akutukwana munthu wosalakwa, ndipo onse anasankha chitsulo. "Hamala ili apo. Kwerani muzule."

"Amayi, maliro sanazizire n'komwe," anatero mwana wamkazi. "Chimene ababa asiya n'chokhachi. Mvula ikachinyowetsa..."

"Chitsulo sichidwala chifuwa. Wako ali kumsanayo akutsokomola chifukwa cha chiyani? Ukamufunditse mbiri?"

Mwana wamkaziyo anatembenukira kunyanja. Alamu anakwera pa mgolo n'kuyamba kuzula. Misomali inkatuluka monyinyirika, umodziumodzi, ndipo kuwala kotuwa kunagwera pa makina.

Mayi anasendera pafupi ndi makinawo. Anatsamira gudumu lalikulu, lalitali kuposa iwo, ndipo linasuntha. Anachotsa dzanja msanga. Kenako analikankha ndi chala chimodzi. Gudumu lolemera ngati galimoto, limene silinakoke ngolo chiyambire mwana wawo wamkazi kukwawa, linazungulira myaa, osalira ngakhale pang'ono. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwerapo.

Anatsika mtunda alamu atasenza malata pamutu, mphepo ikuwakankha. Mayi ananyamula chitini cha girizi, poti chinali chisanathe ndipo chinthu sichitayidwa.

Kunyumba anakankha chitseko, chinalira. Anagwada pa mahinjesi n'kutsekula chitini. M'girizimo munali mizere ya zala za a Kapitawo, yakuya, pamene anatapa komaliza. Mayi anaiyang'ana, chala chawo chili m'mwamba. Kenako anavundikira chitinicho, n'kuchiika pawindo.

"Tseka chitsekocho," anauza mwana wawo. "Mphepo ikulowa."

Chinaliranso.